Njerewere, Nyama Yakuba ndi Mphambano

(NYIMBO YOTSEGULIRA. ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Ino ndi pulogalamu yathu ya zaumoyo muno mu Chadiza. Lero tikamba za njerewere.

Palibe amene sazidziwa. Tiziphuphu touma, tokhakhala, tomera pazala, kuseri kwa dzanja, m'mbali mwa chikhadabo, pabondo, nthawi zina kuphazi. Kawirikawiri sizipweteka, koma funsani mwana wa sukulu amene ali nazo akuuzeni. Dzanja limakhalira m'thumba. Anzake amakana kumupatsa moni wa m'manja, ndipo pa mbale ya nsima ena amasendera kutali. Ndiye kholo likaona mwana akuvutika chonchi limafunsa kwa anansi, ndipo aliyense amakhala ndi mankhwala ake amene akulumbira kuti anagwira ntchito. Funso lathu lero ndi limeneli: zimatheka bwanji kuti mankhwala osiyana chonchi onse akhale ndi mboni?

Kuti tiyankhe bwino, tiyambire kutali.

Cha m'ma 1577, mumzinda wa Paris ku France, munali mnyamata wa ku England wa zaka ngati 16, dzina lake Francis Bacon. Ankakhala m'nyumba ya kazembe wa dziko lakwawo. Mnyamatayu anali ndi njerewere imodzi pachala kuyambira ali wamng'ono, koma ali ku Paris zina zinabuka m'manja monse muwiri, zosachepera 100, pa mwezi umodzi wokha. Mkazi wa kazembe uja ataona anamuuza kuti amuthandiza. Anatenga kachidutswa ka mafuta a nkhumba kokhala ndi chikopa chake, n'kukhula nako njerewere zonse, ndi yakale ija yomwe. Atatero anakhomera kachidutswako ndi msomali pafelemu la zenera la chipinda chake, mbali yowomba dzuwa, kuti kazisungunuka ndi kuuma. Pomatha masabata asanu, njerewere zonse zinali zitapita.

Francis Bacon sanali munthu wongomeza zilizonse. Atakula anakhala mkulu wa zamalamulo m'dziko lonse la England, ndipo mpaka lero amakumbukiridwa ngati mmodzi wa anthu amene anaphunzitsa kuti chinthu chisakhulupiriridwe chisanayesedwe. Nkhani ya njerewereyi anailemba yekha m'buku lake lotchedwa Sylva Sylvarum, limene linasindikizidwa iye atamwalira kale. Kupita kwa njerewere zatsopano sikunamudabwitse, poti zobwera msanga zikhoza kupitanso msanga. Imene inamuzunguza mutu inali yakale ija, imene anakula nayo.

Za mafuta a nkhumbazi zinali njira imodzi mwa zambirimbiri. M'midzi ya ku England, njira yotchuka kwambiri inali ya nyama yakuba. Munthu ankaba kachidutswa ka nyama, kaya kwa wogulitsa nyama kaya m'khitchini mwa amake, n'kukhula nako njerewere, kenako n'kukakakwirira pansi popanda wina womuona. Chikhulupiriro chinali chakuti nyama ikamawola m'dothi, njerewere nazo zizifota. Nyama yogula kapena yopempha ankati siigwira. Inkayenera kukhala yakuba, ndipo wochitayo asauze munthu.

Ena ankatenga khoko la nyemba, n'kupaka njerewere ndi mkati mwake mofewa muja, n'kulikwirira. Ena ankamanga mfundo pachingwe, mfundo imodzi pa njerewere iliyonse, n'kuchikwirira kuti chiwole. Ena ankalasa njerewere ndi singano kenako n'kukabaya singanoyo pakhungwa la mtengo, kuti matendawo asamukire mumtengomo. Panalinso njira yankhanza ya nkhono yopanda chigoba. Munthu ankaipaka pa njerewere n'kuitunga pamunga wa m'tchire, ndipo ankati nkhonoyo ikamauma ndiye kuti njerewere zikutha. Ku Oxford kuli nyumba yosungira zinthu zakale yotchedwa Pitt Rivers Museum, ndipo m'menemo muli botolo lokhala ndi nkhono yotereyi, yotungidwa pamunga, imene inafika kumeneko mu 1898. Sizakale kwambiri zimenezi. Ndi nthawi imene azungu anali atafika kale kuno kwathu n'kumatiuza kuti tisiye zamatsenga.

M'midzi ina munkakhala agogo odziwika kuti ndi ogula njerewere. Mwana ankapita kwa iwo, iwo n'kuwerenga njerewerezo, n'kumupatsa kandalama kachitsulo, n'kumuuza kuti zimenezi tsopano ndi zanga, pita usakaziyang'anenso. Ena sankagula, ankangogwira dzanja la mwanayo n'kunong'ona mawu amene sankawaulula kwa wina aliyense. Ambiri a iwo sankalandira malipiro, poopa kuti mphamvuyo ingawachokere.

Koma njira imene ine inandigwira mtima ndi iyi. Munthu ankatola timiyala tochuluka mofanana ndi njerewere zake, n'kukhudza njerewere iliyonse ndi kamwala kake, n'kutikulunga bwinobwino m'kathumba kapena m'pepala, n'kukasiya pamphambano. Wodutsa amene angatole n'kumasula, njerewerezo zinkayenera kupita kwa iye.

Pamphambano, omvera anga. Ndikudziwa kuti ambiri mwagwedeza mutu pamenepa, chifukwa ife Achewa mphambano timaidziwa. Ndi pamene wodwala amatumidwa kukasamba mankhwala m'bandakucha, kuti matenda atsale pomwepo. Ndi chifukwa chake mwana amauzidwa kuti asatole kanthu kokulungidwa kamene wakapeza pamene njira zakumana. Anthu a ku England ndi makolo athu sanaphunzitsane zimenezi, koma anafika pa ganizo limodzi: kuti matenda ndi katundu amene ungathe kumutula, wina n'kusenza. Ndipo ganizoli ndi lakale kuposa England yemwe. Mlembi wa ku Roma wotchedwa Pliny, amene anamwalira m'chaka cha 79, analemba za anthu amene mwezi ukangooneka ankakhudza njerewere iliyonse ndi kanjere ka nyemba, n'kumanga njerezo m'kansalu, n'kuziponya kumbuyo kwawo.

Choncho munthu asakuuzeni kuti zoterezi ndi za anthu akuda kapena za osaphunzira. Ndi za munthu aliyense amene ali ndi chinthu pathupi pake chimene sakuchimvetsa.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za njerewere. Tamva za nyama yakuba, za nkhono, za timiyala ta pamphambano. Tsopano tifunse: kodi anthu onsewa ankanama ponena kuti anachira?

Ayi, sankanama. Njerewere zinkapitadi. Chimene sankachidziwa ndi chimene chinkazichotsa.

Njerewere zimayamba ndi kachilombo kosaoneka ndi maso kotchedwa HPV. Kamalowa pakhungu kudzera pamene pakalika, pamng'alu, kapena pamene mwana waluma chikhadabo mpaka kusupula. Kakalowa kamakhala chete kwa masabata kapena miyezi ingapo, kenako kamachititsa khungu la pamenepo kukula mopitirira muyeso mpaka kutukumuka. Chotukumukacho ndiye njerewere. Amene anayamba kuonetsa kuti chimayambitsa ndi kachilombo kochepetsetsa anali dokotala wa ku Italy, Giuseppe Ciuffo, mu 1907. Anapera njerewere, n'kusefa madzi ake pa sefa yothina kwambiri moti tizilombo tikuluikulu sitikanadutsa, n'kudzibaya nawo padzanja pake. Patapita miyezi, njerewere zinamera pomwepo. Sizichokera kwa achule ngati mmene ana a ku England ankauzidwira, ndipo sizibwera chifukwa wina wakuchitirani nsanje. Zimapatsirana pokhudzana khungu ndi khungu, kapena pobwerekana zinthu monga lezala ndi mwala wokwechera mapazi.

Tsono nachi chinsinsi chake. Kachilomboka kamakhala pamwamba penipeni pa khungu, pamene chitetezo cha m'thupi chimachedwa kukazindikira. Koma tsiku limafika pamene thupi limakatulukira, ndipo likakatulukira limakathira nkhondo paliponse pamene kali. N'chifukwa chake njerewere zimene zakhala miyezi yambiri zimatha kufota zonse pamodzi pa masabata ochepa, zakale ndi zatsopano zomwe, ndendende mmene zinachitikira kwa Francis Bacon. Mu 1963 madokotala awiri a ku America, Massing ndi Epstein, anafalitsa zimene anapeza atatsatira ana ambiri a njerewere kwa zaka ziwiri osawapatsa mankhwala. Pa zitatu zilizonse, pafupifupi ziwiri zinatha zokha.

Taganizirani tsono mmene zimayendera pamudzi. Mwana wakhala ndi njerewere chaka chathunthu. Amake ayesa ichi, osatheka. Azakhali abwera ndi china, osatheka. Pomaliza agogo ena amuuza kuti akwirire kanthu kuseri kwa nkhokwe, ndipo mwezi wotsatira dzanja layera. Ulemu wonse upita kwa agogo aja, ndipo zina zimene zinalephera zija palibe azikumbukire. Zili ngati mwana amene waponya mwala m'mtengo pa nthawi imene bango lakupsa linali litatsala pang'ono kuthothoka lokha, ndiye akuthamanga kukauza anzake kuti ali ndi dzanja lolunjika.

Pali ena amene amati mtima wa munthu umathandizako, kuti ukakhulupirira ndi mtima wonse thupi limadzuka msanga. Madokotala anayesa kufufuza zimenezi. Ku Zurich m'dziko la Switzerland, dokotala wa khungu Bruno Bloch ankapaka odwala ake utoto wopanda mankhwala alionse n'kuwatsimikizira kuti achira, ndipo mu 1927 analemba kuti ambiri anachiradi. Ku Scotland mu 1959 ena anayesa kugoneka odwala tulo tamaganizo n'kuwauza kuti njerewere za mbali imodzi yokha ya thupi zichoka, ndipo ananena kuti kwa ambiri zinaterodi. Koma ena amene anabwereza kafukufuku wotere pambuyo pake anapeza zosiyanasiyana, moti nkhaniyi madokotala sanaimange mfundo. Chimene palibe amatsutsa n'chakuti nthawi ndi chitetezo cha m'thupi ndi zimene zimagwira ntchito yaikulu.

Ine agogo ogula njerewere aja sindiwaimba mlandu. Sanatulutse magazi, sanasiye chipsera, ndipo mwana anabwerera kwawo mtima uli m'malo, atasiya kuzitokosa. Ngati pali njira yamakolo imene sidula, siotcha, sidyetsa munthu chinthu chosadziwika, ndipo sidya ndalama za feteleza, njerewere wamba ya padzanja la mwana wathanzi siitaya kanthu podikira. Nkhawa yanga ili pa njira zimene zimavulaza, ndi pa zinthu zimene timazitcha njerewere pamene si njerewere.

Tiyambe ndi zovulaza. Anthu a ku England ankagwiritsanso ntchito utomoni wa zomera zina, woyera ngati mkaka kapena wachikasu, umene umaotcha khungu. Kuno kwathu chofanana nacho ndi utomoni wa nkhadze, mtengo umene tambiri tinabzala ngati mpanda. Utomoni umenewu ndi woopsa. Umatupitsa khungu n'kusiya chilonda, ndipo dontho limodzi likalowa m'diso ululu wake ndi wosaneneka, munthu akhoza kukhala masiku osaona, diso lingathenso kuwonongeka. Mwana amene mwamupaka padzanja sangathe tsiku osatikita m'maso. Zikachitika mwangozi, tsukani disolo ndi madzi oyera ambiri kwa nthawi yaitali, osaleka msanga, kenako thamangani naye kuchipatala. Utomoni wa papaya wosapsa ndi wofatsirapo, koma nawo umanyerenyetsa ndi kusupula khungu lanthete, choncho usayandikire kumaso.

Kudula ndi lezala n'kolakwika pawiri. Anthu amaona timadontho takuda mkati mwa njerewere n'kumati ndi mizu kapena mbewu zake, ndiye amakumba mozama kuti azule. Njerewere ilibe mizu. Timadontho timeneti ndi timitsempha ta magazi tating'onoting'ono timene magazi ake aundana. Mukadula, magazi amatuluka ambiri, kachilombo kamafalikira pakhungu loyandikana, ndipo pamene panali imodzi pamamera zisanu. Ndipo lezala limodzi likadula ana awiri kapena atatu, limatha kunyamula HIV kapena matenda a chiwindi a Hepatitis B kuchoka kwa mmodzi kupita kwa mnzake. Chilonda chakuda ndi dothi chimaitananso kafumbata. Za kuotcha ndi khala la moto, ndi msomali wofiira kapena ndi asidi wa m'batire ya galimoto, chonde abale anga, musayese n'komwe. Njerewere ikanapita yokha osasiya chizindikiro, koma chipsera cha moto ndi cha moyo wonse.

Nanga ikakhala yovutitsa, yopweteka poyenda kapena pogwira khasu ndi pensulo? Mankhwala alipo. Odziwika kwambiri ndi opaka okhala ndi salicylic acid, amene amapezeka m'masitolo a mankhwala. Muviike malowo m'madzi ofunda kwa mphindi zisanu, mupukute, mupake Vaseline pakhungu labwino lozungulira, kenako mudontheze mankhwalawo pa njerewere pokha. Tsiku lililonse, ndipo pamafunika kupirira, chifukwa zimatha kutenga masabata 12. Ambiri amaleka sabata yachiwiri n'kumati mankhwala achizungu sagwira. Musawapake kumaso kapena kumalo obisika, ndipo amene muli ndi matenda a shuga musawapake kuphazi musanaonane ndi achipatala, poti chilonda cha kuphazi chimavuta kupola. M'zipatala zina zikuluzikulu amaziumitsa ndi mpweya wamadzi wozizira kwambiri wotchedwa nitrogen, ndipo nawonso kawirikawiri amafuna kubwereza kangapo.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Tafika pa gawo limene ndikupempha kuti mukweze wailesi. Amayi amene muli kumoto, sendezani mphika pambali pang'ono.

Mbiri yabwino imene mankhwala a njerewere anapeza chifukwa chakuti njerewere zimatha zokha, anthu amaitengera pa matenda ena amene satha okha. Apa ndi pamene timataya anthu.

Chotupa chilichonse cha pakhungu chimene chikukula msanga, chikusintha mtundu, chikutuluka magazi chokha, kapena chasanduka chilonda chosapola kwa mwezi wathunthu, chisatchedwe njerewere mpaka achipatala atachiona. Izi ndikunena makamaka kwa abale athu achialubino ndi makolo awo. Kwa iwo kanthu kokhakhala komera pankhope, pakhutu, pakhosi kapena pamkono kangakhale chiyambi cha khansa ya pakhungu yobwera ndi dzuwa, ndipo ikagwidwa ikadali yaing'ono imachotsedwa. Mawanga akuda kapena ofiirira otukumuka, makamaka m'miyendo kapena m'kamwa, angakhale khansa ina yotchedwa Kaposi, imene imakonda anthu amene chitetezo chawo chatsika. Ndipo munthu wamkulu akaona njerewere zambirimbiri zikubuka nthawi imodzi, kumaso ndi m'manja, osatha, ndi bwino akayezetse HIV. Tanena kuti chimachotsa njerewere ndi chitetezo cha m'thupi. Zikakana kuchoka, mwina chitetezocho chikufuna thandizo, ndipo ma ARV amaperekedwa ulere m'zipatala za boma.

Tsopano, akuluakulu, mundikhululukire. Ndikudziwa kuti ena mukumvera muli pamodzi ndi ana, ena ndi apongozi. Koma pali mawu amene akapanda kunenedwa pawailesi sanenedwa kwina kulikonse.

Njerewere zimameranso kumalo obisika, kwa amuna ndi kwa akazi. Zimenezi sizichokera ku njerewere za m'manja mwa ana. HPV ali ndi mitundu yoposa 100, ndipo uliwonse uli ndi malo ake. Za kumalo obisika zimabwera makamaka ndi mitundu iwiri, nambala 6 ndi nambala 11, imene imapatsirana pogonana. Kachilomboka n'kofala kwambiri moti anthu ambiri amene anakhalapo malo amodzi ndi mnzawo amakumana nako pa moyo wawo, ndipo kamatha kubisala nthawi yaitali kasanaonekere. Choncho zikaoneka m'banja, musathamangire kuloza chala kuti wabweretsa ndani ndipo liti. Pitani kuchipatala nonse awiri.

Pakati pa Achewa pali dzina limene amayi ambiri amalidziwa, la mauka: kuyabwa ndi tinthu tomera kumalo obisika, timene ena amakhulupirira kuti timadwalitsa mwana woyamwa, ndipo mankhwala ake amati ndi kudula. Anamkungwi ndi azamba athu, inu amene amayi amakuululirani zimene sangauze wina, ndikulankhula nanu mwaulemu wonse. Pansi pa dzina limodzili pamabisala matenda osiyanasiyana. Zina ndi njerewere za HPV. Zina ndi chindoko, chimene pa msinkhu wina chimatulutsa zotupa zonyowa zofanana kwambiri ndi njerewere, ndipo chimenechi chimachira ndi jakisoni wa penicillin, koma chikasiyidwa chimapha mwana m'mimba. Zina ndi kuyabwa wamba kochira ndi mankhwala a masiku ochepa. Ndipo zina si matenda n'komwe, ndi mmene thupi la mayiyo linalengedwera. Lezala silisiyanitsa zonsezi. Limangotsegula chilonda pamalo amene HIV imalowera mosavuta. Ndipo mwana akatentha thupi, tsiku limene likutha akudula amake ndi tsiku limene malungo akukula. Mwanayo akayezedwe magazi tsiku lomwelo. Mayi woyembekezera asapake mankhwala alionse a njerewere kumalo obisika popanda achipatala, chifukwa ena mwa mankhwalawa amavulaza mwana wosabadwa.

Pali mitundu ina ya HPV imene siitulutsa njerewere zooneka, ndipo imeneyi ndiyo yoopsa koposa. Nambala 16 ndi nambala 18 zimakhala pakhomo la chiberekero mwakachetechete, osapweteka, osayabwa, kwa zaka 10 kapena 20, kenako n'kuyambitsa khansa. Wasayansi wa ku Germany, Harald zur Hausen, ndi anzake ndi amene anatulukira mitundu iwiriyi mu 1983 ndi 1984, ndipo iye analandira mphoto ya Nobel mu 2008. Pa amayi 10 alionse odwala khansa ya khomo la chiberekero, pafupifupi 7 imayamba ndi mitundu iwiri imeneyi. Muno mu Zambia khansa imeneyi ndi imene imagwira amayi ambiri kuposa khansa ina iliyonse, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mayi amene ali ndi HIV ali pa chiopsezo chochuluka kasanu ndi kamodzi kuposa amene alibe.

Mvetsetsani bwino apa, kuti wina asagone ndi mantha usiku uno. Njerewere ya padzanja la mwana wanu siisanduka khansa ya chiberekero. Ndi mitundu yosiyana ya kachilombo. Chimene ndikunena n'chakuti mtundu wooneka uja, umene timauthamangira ndi mankhwala, ndi wofatsa, pamene wosaonekawo ndi umene ukutitengera amayi kumanda, ndipo umenewu sungautule pamphambano.

Koma ungapewedwe, ndipo njira zake zili pafupi nafe. Kuyambira mu 2006 dziko lathu lili ndi ndondomeko yopima amayi khomo la chiberekero. Namwino amapaka viniga pakhomopo n'kuyang'ana. Pamene payamba kusintha pamayera, ndipo nthawi zambiri amatha kuchiza pomwepo tsiku lomwelo, khansa isanayambe. Ndi ntchito ya mphindi zochepa. Zikakhala kuti zapitirira, amakutumizani ku Chipata Central Hospital, kapena ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka. Ulendo wa ku Lusaka tonse tikudziwa mmene umadyera ndalama ndi mmene umasiyira munda wopanda woulima. Kupimitsa msanga ku chipatala chathu cha Chadiza n'kopepuka kuposa pamenepo. Mayi amene akutaya magazi pambuyo pokhala malo amodzi ndi bambo, kapena atasiya kale kusamba, kapena akutuluka chikazi chonunkha chosatha, asadikire tsiku la msika. Abambo, njinga ija ndi ya zimenezi. Muwakweze amayi, muwaperekeze.

Ndiye pali katemera wa HPV. Anayamba kuyesedwa m'chigawo cha Lusaka mu 2013, anafika m'dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 14, ndipo mu 2023 boma linachita kampeni yaikulu yobaya atsikana a zaka 9 mpaka 14. Makolo ena amafunsa kuti bwanji kubaya mwana wamng'ono chonchi pa matenda a akuluakulu. Yankho lake n'lakuti katemera sachotsa kachilombo kamene kalowa kale. Amaphunzitsa chitetezo cha m'thupi kuti chikazindikire kakamadzafika, choncho ayenera kufika iye poyamba. Tamva kuti thupi likasiyidwa lokha limachedwa kukatulukira kachilomboka. Padzanja kuchedwako kumangotipatsa manyazi a chaka chimodzi kapena ziwiri, koma pakhomo la chiberekero kuchedwa komweko ndi kumene kumapatsa khansa mpata. Mphekesera zakuti katemerayu amatseka mimba zafika m'midzi yambiri. Katemerayu wakhala akuperekedwa padziko kuyambira mu 2006, kwa atsikana mamiliyoni ambiri, ku England komwe kuja, ndipo ambiri mwa oyamba kubayidwa lero ndi amayi a ana awo. Mtsikana amene ali ndi HIV amafunika kubayidwa koposa kamodzi, choncho muwauze anamwino zoona kuti akupatseni masiku oyenera.

Katemerayu amaperekedwa m'sukulu ndi m'zipatala. Amene amaphonya kawirikawiri ndi atsikana amene sali pasukulu, amene akulera ang'ono awo kapena ali kumunda tsiku limene anamwino afika. Anyakwawa ndi inu a makomiti a zaumoyo m'midzi, atsikana amenewa mumawadziwa ndi maina. Sabata ino funsani ku kiliniki ya kwanu kuti katemera wa HPV akuperekedwa liti, ndi tsiku limene amapima amayi, ndipo mukalengeze pamsonkhano wa mudzi ndi kutchalitchi Lamulungu.

Nthawi yathu yathera pamenepa. Mafunso anu tumizani kuno ku wailesi monga mwa masiku onse, ndipo amene simufuna kuti dzina lanu litchulidwe, mungolemba choncho, sitilitchula. Tsalani bwino.

(NYIMBO YOTSEKERA)